Chikombole cha mphwanga

Ntchito yanga ndi yolemba. Ndikanena choncho kumudzi anthu amaganiza za nyuzipepala kapena mabuku, ndipo ine sindiwatsutsa, poti zoona zake n'zovuta kufotokoza. Ndimalembera masitolo a pa intaneti timawu tokometsa katundu wawo. Lero nsapato, mawa mafuta odzola, mkuja mapoto. Zambiri mwa zinthuzo sindinazikhudzepo n'chala chomwe. Amangonditumizira zithunzi ndi mfundo zingapo, ine n'kukhala m'kachipinda kanga ku Area 25, n'kumalemba ngati ndazigwiritsa ntchito zaka khumi.

Mu 2025 ndinapeza kasitomala wakunja wogulitsa tizidole tankhondo. Poyamba ndinaseka. Nditaona mitengo yake, kuseka kuja kunathera pomwepo. Ogula si ana ayi, ambiri ndi akuluakulu a pantchito, ena a imvi zawo. Masewera ake otchuka ndi Warhammer, a kampani ya Games Workshop yomwe inayambira ku London mu 1975 ndipo pano likulu lake lili ku Nottingham. Masewerawo anatuluka koyamba mu 1983. Anthu awiri amandandalika magulu awo ankhondo patebulo lalikulu, amayeza ndi tepi mtunda womwe gulu lingayende, n'kumaponya madayisi kuti aone amene walasidwa ndi amene wapulumuka. Kamsilikali kamodzi ndi kotalika masentimita atatu kapena kupitirira pang'ono, ngati theka la chala. Ukagula sutsegula bokosi n'kuyamba kusewera. Umapeza tizidutswa totuwa tolumikizidwa pa chimango cha pulasitiki: mitu payokha, mikono payokha, zishango pazokha. Udule wekha, umate wekha, upake penti wekha.

Kuti ndilembe zomveka ndinayenera kuwerenga, ndipo powerengapo ndinakodwa. Mu Januwale 2024 kampaniyi inaukitsa masewera ake akale m'dzina loti The Old World. Inayamba ndi magulu awiri, asilikali apakavalo a ku Bretonnia ndi mafumu akufa otchedwa Tomb Kings, omwe ankhondo awo ndi mafupa okhaokha. Mu 2025 inatulutsa gulu latsopano la Grand Cathay, lotengera China wamakedzana. M'gululi muli chimphona chotchedwa Sentinel, chomwe m'nthano yake amati chinaumbidwa ndi dothi lootcha. Ndinachiyang'ana chithunzi chake usiku wina mpaka bandulo inatha. Ndinatembenuzanso mtengo wa limodzi la mabokosi akuluakulu kukhala makwacha, n'kupeza kuti ukuposa thumba la feteleza. Ndinazimitsa foni n'kugona.

Mwezi wa Ogasiti ndinapita kumudzi. Kwathu ndi kufupi ndi Namitete, pamsewu wa ku Mchinji. Ukadutsa Chitedze, Mpingu ndi Msundwe, umatsika minibasi n'kukwera kabaza. Inali nthawi ya holide, chimanga chili m'nkhokwe, fumbi lili ponseponse, ana ali pa ufulu. Mphwanga, mwana wa achemwali anga, ali ndi zaka 9. Tsiku lomwe ndinafika anandikoka dzanja ndisanamwe n'madzi omwe, kupita nane kuseri kwa nkhokwe kuti ndikaone khola lake.

Munali ng'ombe zadothi 14. Ndinaziwerenga chifukwa iye anandiuza kuti ndiziwerenge. Khola analimanga ndi timitengo, chipata n'kuikapo kachidutswa ka bango. Nkhunzi yaikulu inali ndi linunda lonenepa ndi nyanga za minga ya mthethe. Ina inali yothyoka mwendo, akuti inagonja pa nkhondo ya dzana. Ine ndinakumbuka zathu. Nafenso tinkakumba dothi kudambo kuja tikudyetsa mbuzi, n'kuumba nkhunzi, kuziumika pamthunzi kuti zisang'aluke, kenako kuzikwirira m'phulusa lamoto la zitsononkho. Zikapsa tinkazigunditsa mitu, aliyense atagwira yake, mpaka ya wina ithyoke nyanga. Yothyoka yagonja basi. Malamulo tinkapangana tokha pomwepo, ndipo ankasintha malinga ndi amene anali wamkulu thupi tsikulo.

Cholakwa changa chinachitika madzulo ake. Tinakhala pakhonde, netiweki inagwira pang'ono, ndiye ndinati ndimusangalatse mwana. "Tabwera udzaone ng'ombe za anzako a kunja," ndinatero moseka. Ndinamuonetsa akavalo ovala zitsulo, mafupa oyenda atanyamula mikondo, ndi chimphona chija. Sanayankhule. Ankangokuza chithunzi ndi zala ziwiri, n'kuchibweza, n'kuchikuzanso. Atafika pa chimphonacho ndinamuuza kuti m'nthano yake nachonso ndi chadothi, ngati nkhunzi yake. Anandiyang'ana ngati ndamunyoza.

M'mawa mwake ndinapeza khola lija litaphwasulidwa. Ng'ombe zina zinali zitapondedwa, zina zitaponyedwa kudzala. Nditamufunsa anangoti, "N'zonyasa." Kenako, maso ali pansi, "Ankolo, mudzandigulire kamodzi kokha. Kaja ka pakavalo."

Achemwali anandiyang'ana osanena kanthu, koma ndinamva zonse. Mwana anali ndi chuma chake dzulo, lero wadzuka ali mmphawi, ndipo amene wamusaukitsa ndine ndi foni yanga. Choipa china n'chakuti imeneyi ndiyo ntchito yomwe ndimalipidwa: kuchititsa munthu kuona kuti zomwe ali nazo n'zoperewera. Kungoti anthu omwe ndimawalembera aja sindiwaona nkhope.

Atsibweni anga ndi kalipentala. Anaphunzira ntchitoyi ku Namitete Technical College kalekale ine ndisanabadwe, ndipo mpaka lero ali ndi kashedi ka malata komwe amapalira matabwa. Atamva nkhani ya khola anandiitana. "Tationetsa zinthu zako zaliritsa mwanazo." Ndinawapatsa foni. Zithunzi za topakapaka penti sanachedwe nazo. Anaima pa chithunzi cha tizidutswa totuwa tili pa chimango chake, n'kuchikuza mpaka chinayamba kuoneka mwachimbuuzi. Analoza kamzere kopyapyala kotsika m'mbali mwa mwendo wa kamsilikali.

"Ichi sadaseme munthu," anatero. "Chidatuluka m'chikombole, ngati njerwa."

Ananena zoona, ndipo zomwe ine ndinawerenga milungu itatu iwo anaziona pa mphindi imodzi. Ndinawafotokozera mmene ndinamvera. Kale mmisiri ankapinda kawaya kukhala mafupa a chidole, monga momwe ana amayambira galimoto yamawaya, n'kumatapo phala lina louma msanga lomwe amasakaniza lachikasu ndi labuluu mpaka lisanduke lobiriwira. Ankaliumba ndi tizitsulo tosongoka ngati ta dokotala wa mano. Chidole chimodzicho ankachidinda m'labala, labalayo n'kukhala chikombole, ndipo ankathiramo chitsulo chosungunula chikombolecho chikuzungulira mwaliwiro kuti chitsulo chifike m'ngodya zonse. Poyamba chitsulo chake chinali chosakaniza ndi mtovu, kenako anausiya chifukwa ndi woopsa m'thupi. Mu 2011 kampani ija inasamutsira zidole zambiri zachitsulo ku resin, mtundu wa utomoni wa m'fakitale, m'dzina loti Finecast. Ogula ambiri anadandaula ndi timabowo ta mpweya totsalira pankhope ndi pamalupanga.

Zamasiku ano zambiri ndi zapulasitiki. Wojambula amaumba chidole pa kompyuta, makina n'kugoba maonekedwewo m'zitsulo ziwiri zolimba zomwe zimatsekana ngati zikhatho. Timibulu ta pulasitiki timasungunulidwa n'kukankhidwira m'katimo mwamphamvu, tikazizira zitsulo zija zimatseguka, chimango chathunthu n'kugwa. Pakangopita timasekondi china chagwanso. Kamzere komwe atsibweni anaona ndi pomwe zitsulo ziwirizo zimakumana. Ndipo chifukwa chitsulo sichipindika ngati labala, chilichonse chokhota kapena chobisala kuseri kwa chinzake chikhoza kukanirira m'kati. N'chifukwa chake msilikali mmodzi amamudula mapisi asanu kapena khumi, kuti pisi iliyonse ituluke bwinobwino. Kugoba chikombole chachitsulo kumadya ndalama zambiri, koma chikatha, pulasitiki yolowa m'kamsilikali kamodzi ndi yochepa zedi. Wogula salipira pulasitikiyo kwenikweni. Amalipira chikombole, wojambula, nthano yake ndi dzina.

Atsibweni anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anadzuka, n'kukatenga mpando wapulasitiki womwe unali pakhomo, n'kuutembenuza miyendo m'mwamba. Anandionetsa kamzere komweko m'mbali mwa mwendo, ndi kachipsera kozungulira pomwe pulasitiki inalowera.

"Ndimaudziwa mzere umenewu," anatero. "Kale ukwati ukayandikira, kapena a mpingo akafuna mabenchi, ankabwera kuno. Pano amangokabwereka iyi mahandiredi awiri pa lole. Ine mpando umodzi ndi masiku awiri. Uyu mwini chikombole akamamwa tiyi, mipando ikungogwa yokha."

Sananene mokwiya. Iwonso amakhalira mpando womwewo, chifukwa ndi wopepuka ndipo chiswe sichiudya.

Maganizo anga pa tizidole tatsopanoti ndi osokonekera, ndivomere. Kukongola n'tokongola, asakunamizeni munthu. Ukayerekeza kamsilikali ka Cathay ndi mafupa a Tomb Kings, omwe ena mwa iwo akuchokera m'zikombole za zaka zoposa 20 zapitazo, kusiyana kwake n'koonekeratu. Akale aja manja ndi aakulu ngati mafosholo, mitu ngati maungu, ndipo aima chilili ngati akujambulitsa chithunzi cha chiphaso. Atsopanowa nsalu ikuchita kuuluka, lamba aliyense ali ndi chomangira chake. Ndimawamvetsa omwe anadandaula kuti akugula katundu wa chikombole chakale pa mtengo walero. Chikombolecho chinabweza kale ndalama zake, nanga mtengo ukukweriranji?

Koma ndimawamvetsanso ena omwe amati zidole zambiri zatsopano zatha mopitiriza. Kompyuta imalola wojambula kudula chidole mochenjera kwambiri, moti pisi iliyonse imalowa malo amodzi okha, mwanjira imodzi yokha. Ukamata bwino umapeza ndendende chomwe chili pa bokosi, chofanana ndi cha munthu wa ku Tokyo ndi wa ku Johannesburg. Zakale zosaoneka bwino zija unkatha kutenga mutu wa uyu n'kuika pa thupi la uyo, mkono n'kuukweza kapena kuutsitsa mmene wafunira. Zinali ndi malo oti mwini wake alowetsepo dzanja. Nkhunzi ya mphwanga inali yopindika miyendo, inde, koma panalibe ina yofanana nayo kuyambira ku Namitete mpaka ku Kabudula.

Apa ndisanamizire kuti dothi limaposa pulasitiki. Ife tinkaumba ng'ombe chifukwa kunalibe chogula, ndipo wina akanatibweretsera kagalimoto ka m'sitolo tikanazitaya tsiku lomwelo. Anthu a m'tauni timakonda kuyamikira luso la ana akumudzi titakhala pa sofa, ana athu akusewera ndi zidole za mabatire. Mphwanga ali ndi ufulu wosirira chinthu chokongola. Vuto linali loti ine ndinalibe ndalama yake, ndipo ngakhale ndikanaipeza, kamsilikali kamodzi si masewera. Pamafunika makumi angapo, penti, guluu, buku la malamulo, ndi mnzako yemwenso ali ndi zake.

Atsibweni ndiwo anapeza njira. "Ngati nkhani ndi chikombole, chikombole tipanga," anatero. Anatola kachidutswa ka malaina pansi pa benchi n'kusema ndi mpeni kamunthu kotalika ngati chala chapakati, mkono umodzi uli m'mwamba utagwira mkondo. Anakhoma kabokosi ka timatabwa, tinapondamo simenti yotsala pomwe ankakonza khonde, n'kumiza kamunthuko theka titakapaka mafuta ophikira. Simenti itagwira tinapakanso mafuta pamwamba n'kuthira theka linalo. Mphwanga ankaonerera chapatali, manja m'thumba, ngati sizikumukhudza.

Patapita masiku awiri tinayesa kutsegula. Zinakanika. Simenti inali italowa kunkhwapa ndi kuseri kwa mkondo, kamunthu kaja n'kukanirira. Tinachita kuswa ndi hamala. Atsibweni anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye chifukwa chake azungu ako aja amadula mikono!" Apa mpamene mphwanga anasendera pafupi. Iye ndi amene ananena kuti wachiwiriyo asakhale ndi mkondo, manja angogundana ndi thupi, mkondowo tidzabaya munga pambuyo pake dothi lisanaume.

Chachiwiricho chinatheka. Umatenga dothi la mtapo lokanda bwino, kuliika pakati, kukanikiza zibanthu ziwirizo, kutsegula pang'onopang'ono. Oumba njerwa amanyowetsa chikombole kuti dothi lisamatirire, ifenso tinatengera pomwepo. Kamsilikali koyamba kanatuluka kali ndi kamzere kake m'mbali, ndendende ngati ka ku Nottingham kaja. Mphwanga anakapala ndi chikhadabo. Pofika madzulo anali ndi 23, atawandandalika pamthunzi wa nkhokwe mizere itatu. Ng'ombe imodzi inkamutengera theka la tsiku. Apa gulu lonse lankhondo linatuluka dzuwa lisanalowe.

Chomwe ndinachita nacho chidwi n'chakuti sanawasiye ofanana. Tsiku lotsatira wina anali ndi chishango cha chitsekerero cha botolo, wina nthenga ya nkhanga pamutu, wina anamudetsa ndi makala, wina anamupaka phulusa kuti akhale wa gulu la akufa lija. Mtsogoleri anamukulunga kachigamba ka chitenje cha amayi ake, zomwe zinabweretsa mlandu wina wapadera. Madayisi tinalibe, ndiye anatenga njere zinayi za chimanga n'kuzidetsa mbali imodzi. Zikagwa zakuda zitatu kapena zinayi, mdani wagwa. Lamulo limenelo analipanga yekha, ndipo nditamufunsa chifukwa chake zitatu osati ziwiri anati ziwiri nkhondo imatha msanga.

Ndinabwerera ku Lilongwe mtima uli m'malo. Ndinkadziona ngati ndakonza zomwe ndinaononga, mwinanso kuposa pamenepo. Ndinafika mpaka polingalira za makina osindikiza zinthu a 3D, omwe amaumitsa resin ndi kuwala mzere ndi mzere mpaka chidole chitatuluka, osafuna chikombole n'komwe. Kunjaku anthu ena akusindikiza magulu athunthu m'nyumba zawo, ndipo makampani akuluakulu sagona nazo tulo, amateteza zojambula zawo ndi malamulo mwamphamvu. Ndinkalota kuti tsiku lina wachinyamata wa kuno adzajambula ankhondo athuathu pa kompyuta n'kuwasindikiza, m'malo moti tizingosirira a eni. Maloto a munthu wopanda ngakhale ndalama ya lendi ya mwezi wamawa, koma ndinalota ndithu.

Kumapeto kwa Novembala achemwali ananditumizira mawu pa WhatsApp. Kumbuyo kunkamveka phokoso la ana. "Achimwene, zinthu zanu zija zatibweretsera milandu kuno."

Nkhani yake inali yotere. Anzake a mphwanga ataona gulu lake anafuna awo. Iye anakana kubwereketsa chikombole. Ankachibisa pansi pa mphasa yomwe amagonapo, n'kuyamba kugulitsa: asilikali asanu, mango atatu, kapena K100 kwa amene ali nayo. Amene analibe asilikali a m'chikombole sankaloledwa kusewera, chifukwa oumba pamanja akuti ndi aakulu mosiyana ndipo amabera. Malamulo onse ankagamula ndi iye. Mwezi wathunthu anali mfumu ya bwalo lonse. Kenako mnyamata wina wochenjera, wamkulupo pang'ono, anagula asanu, n'kusankha wopsa bwino, n'kumudinda m'simenti ya bambo ake. Sabata yomweyo kunali chikombole chachiwiri m'mudzi, ndipo mwini wake ankagulitsa asanu ndi awiri pa mango atatu omwewo. Zinathera pa ndewu kuseri kwa tchalitchi, malaya kung'ambika, makolo kuitanizana.

Ndinaimba foni madzulo ake. Achemwali anamupatsa mphwanga, ndipo anayamba ndi kudandaula asanapereke moni.

"Ankolo, wandibera. Kamunthu kaja adasema ndi agogo, si ka iye."

"Koma anagula, eti? Sunamupatse wekha?"

"Adagula kuti azisewera, osati azipanga ake." Anapuma kaye. "Kodi aja a ku Nottingham amatani munthu akawachita zimenezi?"

Ndinadziwa yankho lake, koma sindinafune kumuuza za maloya mwana wa sitandade 4. Ndinamufunsa ngati asilikali a mnzakeyo ali abwino ngati ake. Anati ayi, ndi ofufutika nkhope ndipo ndi aafupi pang'ono, chifukwa dothi limanyala likamauma, ndiye wodinda kuchokera pa wouma amatuluka wochepa. Zimenezi sindinamuphunzitse ine. Anati agogo alonjeza kumusemera wina watsopano wa chipewa chosongoka, ndipo ameneyo sadzagulitsa kwa aliyense mpaka Khrisimasi itadutsa.

Tisanadule ndinamufunsa za khola lija kuseri kwa nkhokwe, ngati lidakali chiphwasukire. Anati analimanganso. Muli ng'ombe zisanu ndi imodzi, ziwiri zimakoka ngolo ya chikho cha machesi yonyamula chakudya cha asilikali. Ndinafunsa ngati nazonso agogo anamupangira chikombole chake.

"Tidayesa," anatero. "Ng'ombe situluka. Miyendo ndi nyanga zimatsalira m'kati. Zimenezo ndikuumba pamanja."

Kenako anati mayunitsi a amayi ake akutha, ndipo ndisaiwale kubweretsa penti yofiira ndikamabwera.